Ndajambula Andromeda ku Angónia Popanda Telesikopu

Mwaswera bwanji abale anga? Kachifunga mukukaona pa chithunzichi si fumbi la pa lenzi ayi. Ameneyu ndi Andromeda, mlalang'amba wina. Kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni kudzalowa m'kamera yanga kunja kwa Ulongwe. Musachoke, ndikuonetsani.

Choyamba, thawani magetsi. M'tauni ya Tete kapena ku Moatize mungovutika chabe. Kwerani kuno kumtunda, usiku wopanda mwezi. Mu Okutobala cha m'ma 11 koloko usiku amakhala kumpoto, osati pamwamba kwambiri. Pulogalamu ya pa foni yoonetsa nyenyezi, Stellarium, ikulozerani.

Chachiwiri, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Basi.

Chachitatu, ndipo apa mundilole ndipse mtima pang'ono. Achimwene ena amandilembera kuti, "Popanda telesikopu yodula simungaone kanthu." Bodza! Anthu amaganiza kuti chinthu chakutali n'chaching'ono, ndiye chimafuna kukuza. Andromeda kumwambaku ndi wotambalala ngati miyezi yathunthu 6 itandandalikidwa. Isanu ndi umodzi, achimwene! Vuto lake si kuchepa, n'kuzimiririka. Maso amangoona pakati pokha, m'mbali monse mwabisala. Telesikopu yokuza kwambiri imamudula m'mbalimo, mwataya mameticais n'kutsala ndi kachidutswa. Chofunika n'kutunga kuwala pang'onopang'ono, ngati mayi amene watchera ndowa pa kasupe wodontha. Lenzi ya 50mm imakwana. Amene mumakhulupirira bodzali, vomerani mu komenti, sindikusekani. Mwina pang'ono.

Dinani subscribe ndi kabeluko tisanapitirire.

Chachinayi, ikani ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) pa 1600, tsegulani lenzi yonse, fokasi ndi dzanja pa nyenyezi yowala. Chithunzi chilichonse masekondi 6. Mukapitirira kwambiri nyenyezi zimamera michira chifukwa dziko likuzungulira. Jambulani 200, n'kumasuntha kamera kumutsatira. Kenako vundikirani lenzi, jambulani zina 20 zamdima, zothandiza kompyuta kuchotsa timadontho tosokoneza.

Chachisanu, pa kompyuta ziphatikizeni ndi Siril kapena DeepSkyStacker, zonse ndi zaulere. Chithunzi chimodzi n'chonyansa, mudzafuna kuchifufuta. Koma 200 zikaunjikana timadontho tosokoneza timachepa, mlalang'amba n'kutulukira.

Mdani wathu nyengo ya Okutobalayi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Ine ndinagona panja masiku 3 osapeza kanthu. Dzuwa likalowa lofiira ngati phwetekere, kagoneni. Vidiyo ikubwerayi tikutembenukira kum'mwera, ku milalang'amba ing'onoing'ono iwiri yotchedwa Mitambo ya Magellan.