Kudzutsa Nyimbo za Opeka a M'tauni: Kuchokera M'bokosi Kufika Pamaso pa Oimba

Zikomo abambo ndi amayi, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Funso latisonkhanitsa lero ndi ili: tauni ikakhala ndi anthu ake amene ankapeka nyimbo, ena a iwo anatisiya kale, nyimbo zawozo zingamvekenso bwanji? Tikamba za mtundu umodzi wokha, umene akatswiri amautcha chamber music. Ndi nyimbo za kagulu kochepa, aliyense ndi mzere wakewake, popanda wina woimirira kutsogolo kumagwedeza manja. Kagulu kodziwika kwambiri n'ka anthu anayi: mavayolini awiri, viyola imodzi ndi chelo imodzi, zonse zoimbira za zingwe. Joseph Haydn, amene anagwira ntchito zaka zambiri kubanja lolemera la Esterházy ku Eisenstadt m'dziko la Austria, anapekera kagulu kotere nyimbo zoposa 60. Kwa tauni yaing'ono ubwino wake ndi umenewo: anthu anayi, mipando inayi, basi.

Ntchito imayambira m'mabokosi. Nyimbo za wopeka wosatchuka simungazipeze m'sitolo. Zimakhala m'sutikesi ya mdzukulu, m'kabati ya tchalitchi, kapena m'chipinda chosungira katundu pasukulu. Mu 2009, anthu amene anagula nyumba ina yosiyidwa pafupi ndi St. Anne ku Illinois m'dziko la America anapezamo milu ya mapepala a Florence Price, mayi wopeka nyimbo amene anamwalira mu 1953. Mtengo unali utagwera denga n'kuliboola, koma mapepalawo anapulumuka, ndipo lero nyimbo zake zikuimbidwa m'mayiko ambiri.

Mukapeza mapepala, musayambe mwawasanja. Lembani nambala pakona ya tsamba lililonse ndi pensulo, monga momwe mwawapezera, chifukwa dongosolo lakelo limatiuza tsamba lotsatana ndi linzake. Chotsani mapini achitsulo, dzimbiri limadya pepala. Pong'ambika musamatepo selotepi. Guluu wake amasanduka wachikasu n'kulowerera m'pepala, ndipo pomatula amachoka ndi inki. Kukutira m'pulasitiki wotenthetsa n'koipa kuposa apo, sikubwezeka. Agonekeni m'bokosi, pashelefu, osati pansi pamene chiswe chimafika. Chinyezi cha m'chipindamo chikhale chapakati pa 40 ndi 50 peresenti, chikapitirira 65 nkhungu imayamba. Sikanani tsamba lililonse ndi mitundu yake, pa 400 dpi, muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi. Fotokope yakuda ndi yoyera imabisa pamene wopeka anakonza ndi inki yofiira kapena pensulo, chonsecho pamenepo ndiye pali maganizo ake omaliza.

Tsopano pamene ambiri amagwera. Nthawi zambiri simupeza buku lokhala ndi mizere yonse pamodzi, mumapeza mapepala a woimba aliyense payekha. Pamafunika munthu wodziwa manotsi awataipe onse pakompyuta, ndipo pulogalamu ya MuseScore ndi yaulere, imakwanira ntchitoyi. Asanataipe, awerenge tizigawo timene oimba amatitcha ma bar. Viyola ikakhala ndi 112 pamene chelo ili ndi 111, ndiye kuti wokopera wakale analumpha kamodzi, ndipo muyenera kupeza pamene analumphapo. Apo ayi, oimba adzasemphana pakati pa nyimbo n'kumalozana zala.

Pali misampha ina iwiri. Viyola imalembedwa ndi chizindikiro chakechake: pa mizere isanu yolembapo manotsi, mzere wapakati ndi C, pamene kwa vayolini mzere womwewo ndi B. Wotaipa akauwerenga ngati wa vayolini, nyimbo yonse imapotoka. Wachiwiri ndi kilarineti ya B-flat, chitoliro choimbira, ngati nyimboyo ili nayo. Pepala likati C, iyo imatulutsa B-flat, choncho mzere wake umaoneka ngati wakwera kusiyana ndi anzake. Musaukonze, si cholakwa. Ndipo kanthu kalikonse kamene mwawonjezera inu, kaya ndi notsi yomwe inadyedwa ndi mphemvu, mukalembe ndi tizilembo tating'ono kuti oimba adziwe kuti si dzanja la mwiniwake.

Posindikiza, ikani nambala ya bar kumayambiriro kwa mzere uliwonse, kuti poyeserera wina akati "tibwerere pa 48" onse apezepo nthawi imodzi. Tsamba lizithera pamene woimba akupuma ma bar awiri kapena atatu. Wa vayolini manja onse awiri ali pantchito, atembenuza ndi chiyani?

Mayi uko afunsa za chilolezo. Pangano la Berne, limene mayiko ambiri anagwirizana pa za umwini wa zopeka, limateteza nyimbo kwa zaka zosachepera 50 wopeka atamwalira, ndipo mayiko ambiri anafikitsa pa 70. Ngati nthawiyo sinakwane, pemphani kwa abale ake, alembe ndi kusaina, mutchulemo kuimba pagulu, kujambula ndi kusindikiza, chilichonse pachokha.

Za malo oimbira, lowani m'chipindamo muli nokha, muombe m'manja kamodzi, mumvetsere. Phokoso lizizimirira pakatha sekondi imodzi ndi theka kapena chapompo. Likamalirabe masekondi atatu, monga m'matchalitchi akuluakulu, manotsi othamanga amasakanikirana. Makatani okhuthala ndi anthu odzaza mipando amachepetsako. Zoimbira zichunidwe pa notsi ya A wa 440 Hz, muyeso wa kukwera kwa liwu, koma pakakhala piyano onse atsatire iyo, chifukwa siingasinthidwe pompopompo.

Nyimbo yachilendo khutu silimaigwira ulendo woyamba. Ngati ndi yaifupi, mphindi zisanu kapena zisanu ndi zitatu, iimbeni kawiri, anthu asanapume ndiponso atabwerako. Jambulani mawu ake m'fayilo ya WAV, imene imasunga mawu onse osawachepetsa, osati MP3, ndipo mukatha tolerani mapepala a oimba aja ndi zonse analembamo ndi pensulo. Aikeni m'bokosi lakelake pafupi ndi la mapepala akale, mulembepo tsiku ndi mayina a anayiwo.