Tabuleti m'manja mwa mwana: zomwe ofufuza anapeza

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo. Amayi muli kumbuyoko senderani kuno kuli kadzuwa, mphepo ya ku Dedza kuno sikusewera nayo. Sinditalikitsa, ndikudziwa kuti ena mwasiya mbatatesi m'munda.

Ine ndagwira choko zaka zambiri, ndipo nditangomva kuti ana aziphunzira kuwerenga pa tabuleti ndinaseka. Ndinati amenewo ndi masewera a ana a m'tauni. Ndiye sindikumudabwa bambo amene anandiimitsa pa msika tsiku lija n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwana timutumize kusukulu kukaphunzira kapena kukatosa galasi?" Funso lake n'labwino, ndipo ndabwera kudzayankha limenelo.

Muyambe mwaona mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Mwana amavala mahedifoni. Mawu amamuuza m'khutu kuti "ma", pagalasi n'kubwera maphatikizo angapo, iye n'kukhudza limene akuganiza kuti ndi lomwelo. Akakhoza kangapo motsatizana, chimamuonjezera zolimba: m'malo mosankha pa ziwiri, asankhe pa zinayi, kenaka aphatikize "ma" ndi "yi" kuti apange mawu. Akalakwa sichimukalipira ayi, chimangobwerera m'mbuyo pang'ono n'kumubweretsera lembo lomwe lamuvuta lija mwanjira ina, mawa n'kumufunsanso. Ana awiri okhala mphasa imodzi akhoza kukhala akuchita zosiyana kotheratu, wina akadali pa a, e, i, o, u, mnzake akulimbana ndi kusiyanitsa "ngoma" ndi "ng'ombe".

Amayi, inu nzeru imeneyi mumaidziwa kale. Mwana wa zaka zisanu simumusenzetsa ndowa yodzadza. Mumamupatsa kachigubu, khosi likalimba kandowa, kenaka ndowa yeniyeni. Mukamupatsa zopepuka kwambiri amangosewera m'njira, mukamulemetsa amataya madzi n'kulira. Masewera ena otere otchedwa GraphoGame, omwe anapangidwa ku yunivesite ya Jyväskylä m'dziko la Finland, anawakonza kuti mwana azikhoza pafupifupi mafunso 8 pa 10 alionse. Osati onse 10, chifukwa pamenepo sakuphunzira kanthu katsopano. Osatinso 3, chifukwa angagwe ulesi. Tsono ndiuzeni, mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi angamuyezere bwanji mwana aliyense katundu wake? Ine ndinalephera. Ndinkaphunzitsa a kutsogolo, a pakona aja ankangoyasamula kukamwa potsanzira anzawo, ine n'kumati akuwerenga.

Tsopano za kafukufuku. Pulogalamu imene ili m'matabuleti a sukulu zathu za boma inapangidwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain, ndipo imalankhula Chichewa. Inayesedwa m'chaka cha 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, mogwirizana ndi bungwe la VSO, ndipo amene anatsogolera kafukufukuyo ndi mayi Nicola Pitchford a ku yunivesite ya Nottingham. Nthawi imeneyo anali masamu okhaokha, mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8, ndipo ana a matabuleti anaposa anzawo. Za kuwerenga zinabwera pambuyo. M'chaka cha sukulu cha 2018 mpaka 2019, bungwe la Imagine Worldwide linayesa ana a Sitandade 2 m'sukulu ziwiri za boma kwa miyezi 8.

Pali chinthu chimodzi ndikufuna muchigwiritse: anawo anawagawa pochita maere. Sanasankhe anzeru okhaokha kapena ana a aphunzitsi kuti apite ku matabuleti. Zili ngati mlimi amene akufuna kudziwa ngati mbewu yatsopano ndi yabwinodi. Sangaibzale kudimba, yakale n'kuibzala pamtunda pa miyala, kenaka n'kumatama yatsopanoyo. Amabzala zonse m'munda umodzi, mvula imodzi. Atawayesa pomaliza, ana a matabuleti anapita patsogolo pa kuwerenga kuposa anzawo aja, atsikana chimodzimodzi anyamata. Koma ndisakunamizeni, sikuti onse anatuluka akuwerenga nyuzipepala. Anasuntha, kusuntha kooneka ndithu, koma ulendo unalipobe. Zotsatira ngati zimenezi ndi zomwe zinalimbitsa boma mtima kuyambitsa pulogalamu ya matabuleti m'sukulu yotchedwa BEFIT mu 2023, kuyamba ndi sukulu 500, cholinga chake chili choti ifike m'sukulu zonse za pulaimale za boma, Sitandade 1 mpaka 4, magetsi ake a sola.

A komiti akufunsa kuti ndiye aphunzitsi ntchito yatha? Dikirani, apa m'pamene pali nkhani imene inanditembenuza ine. Kwa anansi athu ku Zambia, ku Lusaka, anayesa GraphoGame ija m'Chinyanja, chomwechi tikulankhulachi, pa mafoni a m'manja, kwa ana a Giredi 1. M'magulu ena ankasewera ana okha, ena aphunzitsi okha, ena onse awiri. Zotsatira zinatuluka mu 2014, ndipo ana amene anapindula kwambiri ndi aja amene iwo ndi aphunzitsi awo omwe anasewera. Pambuyo pake, mu 2020, akatswiri ena anasonkhanitsa pamodzi kafukufuku wa masewera omwewa wochokera m'maiko osiyanasiyana. Atawerengera zonse, phindu lake pa kuwerenga mawu linali lochepetsetsa, pafupifupi kulibe. Linkaoneka bwino pokhapo pamene panali munthu wamkulu pafupi, womufunsa mwana ndi kumulimbikitsa.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Tabuleti imadziwa pomwe chala chakhudza, basi. Sidziwa kuti mwanayu wabwera osadya kanthu, kapena kuti khutu limodzi likutuluka mafinya ndiye "pala" ndi "phala" akuzimva mofanana. Ndinamuonapo kamnyamata kena kakungotosa paliponse mofulumira kuti kamve kaphokoso kosangalatsa kaja. Mphunzitsi anangokhala pansi pambali pake n'kunena kuti, "Tanena kaye ndi pakamwa." Kanachita manyazi, kenaka kanayamba kumvetsera kasanakhudze.

China n'chakuti ana a m'kafukufuku wa Imagine Worldwide uja ankakhudza tabuleti tsiku ndi tsiku. Chinthuchi chimatola pomwe mwana ali n'kumakwera naye pang'onopang'ono, ndiye akajomba masabata awiri chifukwa tikukumba mbatatesi kapena wapita kukagulitsa tomato kumsewu, akabwera amakhala watsetserekanso. Apa a Gulupu ndipempha kuti mutithandize, makamaka masiku a msika.

Kunyumba musati ine sindinapite kusukulu ndiye ndilibe gawo. Madzulo mufunseni kuti lero wamva liwu lanji, alilembe pansi ndi kamtengo, akupezereni pa thumba la feteleza kapena pa pepala la sopo. Akulakwitsa kapena akukhoza, inu mwina simudziwa, koma mlongo wake wa Sitandade 5 adziwa.

Yatsala ndi nkhani ya mlonda wa chipinda chosungiramo matabuleti ndi masola aja, koma imeneyo ndi ya a tcheyamani. Amayi a chitenje chobiriwira anakweza mkono kalekale, ayambe ndi iwowo.