Makalata a omvera: Nkhope ya achemwali yakokekera mbali imodzi

Takulandiraninso ku makalata anu, inu a ku Bembeke amene mwazungulira mbaula ndi chisanu chimenechi, a ku Lizulu amene mukumvera muli pambali pa mulu wa kabichi, ndi inu a ku Golomoti amene mumatiseka tikamadandaula kuzizira. Thumba ladzaza sabata ino, ndiye tisataye nthawi.

Bambo a ku Linthipe mukufunsa ngati njerewere imathothoka mukaimanga ndi ulusi. Bambo, kaionetseni kaye kuchipatala, aone ngati ilidi njerewere. Ulusiwo sokerani mabatani.

Koma kalata imene yandikhalitsa pansi yachokera kwa mayi wina wa ku Tsangano, amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Akuti:

"Achimwene, ndili ndi achemwali anga aakulu amene akhala ku Johannesburg zaka zambiri, amagwira ntchito mu saluni. Miyezi iwiri yapitayi anakachititsa opareshoni yokoka khungu la kumaso kuti makwinya athe. Pano akatiimbira pa WhatsApp sayatsa kamera. Tsiku lina atayatsa ndinaona kuti tsaya lakumanzere lakokeka kuposa linzake, akamamwetulira mlomo ukuthawira mbali imodzi, ndipo kunsi kwa khutu, paja timavala ndolo, kwakokekera pansi n'kumatirira kutsaya. Kuseri kwa makutu zipsera zikutukuka ndi kuyabwa. Akuti apeza munthu wina wotchipa amene walonjeza kuwakonza mwezi uno, ndiye akufuna ndigulitse mbatatesi yanga ndiwatumizire ndalama. Amuna awo akungoti anazifuna okha. Nditani?"

Mayi, mbatatesiyo musagulitse kaye. Ndibwereze, musagulitse.

Timvetsetsane kaye zimene zinachitika pankhopepo, chifukwa enafe tikuganiza kuti n'kungotsina khungu n'kumanga. Pa opareshoni imeneyi, imene kumeneko amati facelift, dokotala amacheka kuyambira m'tsitsi pamwamba pa khutu, kutsika kutsogolo kwa khutulo, kuzungulira kunsi mpaka kuseri. Amanyamula khungu, amakoka ndi kumanga mnofu wa pansi pake, kenaka amadula khungu lotsala n'kusoka. Ndi bala lalikulu. Pa miyezi iwiri nkhope imakhala isanaphwe bwinobwino, ndipo masaya awiri saphwa tsiku limodzi. Zimene mwaona pa foni paja si nkhope yomaliza ya achemwali anu.

Mlomo wopotokawo ndiwo ukuwaopsa kwambiri, ndikudziwa. Minofu ya kumaso imayendetsedwa ndi mtsempha wokhala ndi nthambi zisanu mbali iliyonse, ndipo nthambi ina ikakokeka kapena kupsinjika pa opareshoni, kumwetulira kumapendekeka. Kwa anthu ambiri zimenezi zimabwerera zokha pakapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Dzanzi la pamasaya ndi m'makutu nalonso limatha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake madokotala a ntchito imeneyi salola kucheka kachiwiri msanga. Amadikira miyezi 6 mpaka 12, ndipo ambiri amafuna chaka chathunthu chikwane. Tsono munthu amene akulonjeza kuti akonza mwezi uno, pamtengo wotsika, akuthamangira chiyani?

Funsani telala aliyense pa Ntcheu boma: kusoka diresi pansalu yatsopano n'kosavuta, koma kukonza yodulidwa kale molakwika n'kumene kumatulutsa thukuta, chifukwa nsalu yochepa siibwereranso. Opareshoni yachiwiri imakumana ndi zipsera zolimba za m'kati, khungu lochepa, ndi magazi oyenda moperewera. Mukaikakamiza bala lisanapole, khungu likhoza kufa n'kuda, ndipo pamenepo zokongola zija timaziiwala, timayamba kukamba zotseka chilonda.

Khutu lija ndisakunamizeni, lokha silibwerera m'malo. Zimachitika khungu likasokedwa mokoka kwambiri, kulemera konse n'kutsamira pakhutu. Koma kukonza kwake ndi kaopareshoni kakang'ono, nthawi zambiri kongobaya jekeseni wa dzanzi pamalopo munthu ali maso, ndipo kangathe kudikira nthawi yake.

Chosadikira ndi zipserazo. Ife akhungu lakuda timavutika kwambiri ndi zipsera zotukuka zija amati keloid, makamaka m'makutu. Mwaonapo atsikana amene anabowola makutu n'kumera chotupa cholimba, chonyezimira, chachikulu kuposa ndoloyo. Zipsera zina zimangotukuka pamzere wa bala n'kudzaphwa zokha, koma keloid imapitirira malire a bala n'kumakulabe. Dokotala azione pano, aziyambe ndi jekeseni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, wobaya m'chipsera momwemo mobwerezabwereza pakamapita masabata angapo, ndi timapepala ta silicone tomata pamwamba. Kungoidula keloid popanda mankhwala ena, kawirikawiri imameranso, nthawi zina yoposa poyamba.

Ndiye auzeni achemwali abwerere kwa dokotala amene anawachita opareshoni, manyazi awasiye pakhomo. Akamuonetse chilichonse, akapemphe zolemba za opareshoniyo, azijambula nkhope mwezi ndi mwezi kuti kusintha kuzioneka. Ngati mtima sukumukhulupiriranso, akaonane ndi dokotala wina, koma ayambe afufuza dzina lake ku bungwe loyang'anira madokotala kumeneko, la Health Professions Council of South Africa. Kaundula wawo ali pa intaneti, ndipo amaonetsa ngati munthu analembetsedwa kukhala katswiri wa maopareshoni otere. Madandaulo amalandiranso komweko. Ngati amasuta fodya asiye, chifukwa amachedwetsa bala kupola. Koma tsaya likatupa mwadzidzidzi ndi ululu, mafinya akayamba, thupi likatentha, khungu likada, kapena diso likakana kutseka, asadikire mawa. Tsiku lomwelo kuchipatala.

Musawauzenso kuti angobwera kuno adzakonzedwe. Madokotala okonza khungu amene tili nawo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ochepa, ndipo manja awo ali pa ana amene anagwera pamoto ndi anthu ovulala pangozi.

Tsopano alamu anuwo. "Anazifuna okha." Eee, bambo, ngati mukumvera pa intaneti kumeneko, khalani pansi tikambirane. Mayi sasunga ndalama za mu saluni, ataima tsiku lonse akuluka tsitsi la anthu, n'kukazipereka kumpeni popanda amene anamuuza kuti watha. Sabata ino yokha ndalandira makalata atatu, a ku Nsipe, a ku Chimbiya ndi a ku Lobi, onse a amayi amene nkhope zawo zawonongeka ndi mafuta oyeretsa khungu, ndipo awiri mwa iwo akutchula mawu a amuna awo. Wina ankamuitana kuti "agogo" pamaso pa alendo. Wina ankamuonetsa zithunzi za atsikana a pa Facebook. Abambo anzanga, ife mimba yatsogola, mano ena anapita kalekale, koma palibe amatiuza kuti tikachekedwe. Mkazi wakuberekerani ana, wakazinga nkhope padzuwa m'dimba, lero muziwerenga makwinya ake? Mukamuseka akakalamba, mukamusekanso akayesa kudzikonza, ndiye alowere kuti?

Nanunso amayi ndikudzudzuleni pang'ono. Zithunzi zosalala zija zimadutsa m'makina a mufoni. Ngakhale eni akewo mukakumana nawo pamsika simungawazindikire.

Kwa atatu a mafuta aja yankho ndi limodzi. Ambiri mwa mafuta amenewo amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena steroid wamphamvu. Amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu ndi mawanga akuda ovuta kuchotsa, ndipo mercury amawononga impso. Tengani botololo mupite nalo kuchipatala, akuuzeni kasiyidwe kake, chifukwa ena a steroid mukawasiya mwadzidzidzi nkhope imayaka. Musagulenso ena oti afufute zimene oyamba anawononga. Mayi a ku Tsangano, ngati achemwali anu ankadzolapo zimenezi, amuuze dokotala mosabisa, popeza khungu lopyapyala limachedwa kupola.

Agogo a ku Mtakataka, mdzukulu wanu wabadwa ndi mlomo wong'ambika. Palibe anamulodza, ndipo mpongozi wanu sanalakwe chilichonse. Umenewu umasokedwa bwino mwana akadali wa miyezi yochepa, ndipo mabungwe monga Operation Smile amathandiza ana otere m'dziko muno. Yambirani pachipatala cha boma ku Dedza, akamuyeze sikelo, akuphunzitseni kamyamwitsidwe ndi kukuuzani kopita.

Womaliza ndi mnyamata wa ku Kasinje. Akuti dazi lamuyamba asanakwatire, ndipo atapita kukaonekera kwa makolo a chibwenzi chake, anamupatsa mpando poganiza kuti ndiye ankhoswe. Achimwene, metani mpala, muvale chipewa chabwino, ndipo ulendo wina ankhoswe enieniwo atsogole ndiwo polowa pakhomo.