Makalata a Omvera: Kodi Kumwa Mankhwala N'kuchepa Chikhulupiriro?

Takulandirani omvera m'gawo lathu la makalata. Yoyamba yachokera kwa anamwino ena a ku Zomba, ndipo akuti:

"Abusa, odwala ena akapemphereredwa akumasiya ma ARV ati achira. Chimawasokoneza n'chakuti munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika, tizilombo ta HIV timachepa m'magazi mpaka makina osatiwona. Komatu timakhala tabisala m'thupi. Akasiya, pakangopita masabata ochepa timachulukanso, chitetezo chimatsika, ndipo kumwa modumphadumpha kumachititsa kuti tizilomboto tisamamvenso mankhwala. N'chimodzimodzi chifuwa chachikulu: mankhwala ake ndi a miyezi 6, koma munthu amayamba kupeza bwino isanathe, n'kusiya. Ena amauzidwa kuti kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Baibulo likuti bwanji?"

Zikomo amayi, ndipo Mulungu akudalitseni pa ntchito yanuyo. Tsegulani Yesaya 38. Mfumu Hezekiya atadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, analira kwa Mulungu, ndipo Mulungu anamulonjeza zaka zina 15. Koma pa vesi 21 mneneri yemweyo, Yesaya, akulamula kuti atenge nkhuyu azimate pachotupacho. Lonjezo linalipo, mankhwalanso analipo. Pa Luka 17:14 Yesu anatuma akhate 10 kukadziwonetsa kwa ansembe, amene malinga ndi Levitiko 14 ndiwo ankayang'ana ngati munthu wachiradi. Choncho mtumiki wokuletsani kupita kukayezedwa akuchita zimene Ambuye wake sanachite.

Inu amene mwasiya mankhwala, musadikire tsiku limene anakulemberani. Tengani buku lanu la kuchipatala mawa lomwe, mukanene zoona za tsiku limene munasiyira, chifukwa adokotala ayenera kudziwa zimenezo kuti akuthandizeni moyenera. Sankhani ola limodzi lomwera tsiku ndi tsiku, ndipo ola lomwelo likhalenso la pemphero. Za kusala kudya, makamaka odwala shuga, yambani mwafunsa kuchipatala, pakuti kumwa mankhwala a shuga osadya kungathe kukukomolani.

Kalata yachiwiri ndi ya akulu a mpingo ena a ku Phalombe:

"Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, alipo Akhristu amene sanabwererenso kutchalitchi. Chinawapweteka kwambiri ndi mawu a anzawo oti chinali chilango cha machimo. Tikapita kukawachezera timasowa poyambira."

Abambo, amene anayankhula mawu amenewo analakwa, ndipo mpingo uyenera kukapepesa. Yesu anafunsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kudziyankha yekha kuti ayi. Zili pa Luka 13:4-5. Matope amene anatsika m'phiri la Soche sanasankhe nyumba ya woipa n'kusiya ya wopemphera.

Poyambira mupapeze kwa anzake a Yobu. Elifazi, Bilidadi ndi Zofari anachita bwino masiku 7 oyamba: anakhala naye pansi osanena kanthu. Anaononga atayamba kufufuza tchimo lake, ndipo pa Yobu 42:7 Mulungu akuwakwiyira iwowo, osati Yobu amene ankadandaula. Ndiye mukamapita, pitani awiri kapena atatu, osati chigulu, chifukwa khamu limachititsa mwini nyumba kuyamba kudera nkhawa za mipando ndi chakudya. Musapite chimanjamanja: kaufa, sopo, nkhuni, kapena achinyamata okathandiza kuumba njerwa. Ulendo woyamba musalalikire ndipo musafunse chifukwa chimene sabwerera kutchalitchi. Tchulani dzina la malemuwo, asiyeni afotokoze, akalira musawatontholetse msanga. Amayi a Mvano agawane masabata kuti ulendo usathere pa umodzi, chifukwa chisoni chimakula anthu a pamaliro atabalalika.

Akanena kuti amukwiyira Mulungu musadzidzimuke. Awerengereni Salmo 13, limene likufunsa kanayi kuti "mpaka liti," kapena Salmo 88, lomwe limathera mu mdima popanda yankho. Munthu amene akudandaula kwa Mulungu ndiye kuti akadayankhulabe naye. Habakuku 3:17-18, wonena za kukondwera mwa Yehova ngakhale m'munda mulibe zokolola ndi m'khola mulibe ng'ombe, musungireni mtsogolo. Mawu amenewo amakoma akatuluka pakamwa pa wovutikayo, koma amapweteka akawanena munthu amene nkhokwe yake ili yodzaza.

Chinthu chimodzi chokha musachizengereze. Wina akanena kuti kuli bwino angofa, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumbamo mankhwala a m'munda ndi zingwe, uzani wachibale wodalirika, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.