Ndani ankatsegulira chitseko anthabwala a ku America?

Zikomo a tcheyamani. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata a gulu la zisudzo amene munandiitana, moni nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Lero tikambe za anthabwala a ku America, aja amaima okha kutsogolo, maikolofoni m'manja, anthu n'kumafa ndi phwete. Ine chondikoka mtima si nthabwala zawozo kwenikweni, koma munthu amene ankagwira kiyi wa chitseko.

Cha m'ma 1900 kiyi anali ndi eni maholo. Kunali zisudzo zotchedwa vaudeville: oimba, ovina, amatsenga ndi anthabwala ankayenda pa sitima tauni ndi tauni. Mwini holo akati mawu awa ayi, basi yatha. Bert Williams, katswiri wa nthawi imeneyo, anali munthu wakuda, komabe ankadzidetsa kumaso asanakwere pansanja, chifukwa azungu anazolowera kuseka munthu wakuda wojambulidwa motero. Tangoganizani, wakuda kale n'kumadzipakanso mwaye kuti apeze chakudya.

Kenako kunabwera apolisi. Lenny Bruce ankanena za chipembedzo, tsankho ndi za kuchipinda mosapsatira. Mu 1964 anam'manga ku New York, khoti n'kumupeza wolakwa pa mlandu wolankhula zolaula. Eni malo anayamba kumuthawa, ndipo anamwalira mu 1966 atasauka. Boma la New York linadzamukhululukira mu 2003, munthu atagona m'manda zaka 37. George Carlin naye anamangidwa ku Milwaukee mu 1972 chifukwa cha mawu asanu ndi awiri otukwana. Musandifunse mawuwo, pali ana pano.

Koma mlonda wamkulu pa onse anali Johnny Carson, amene anayendetsa pulogalamu ya usiku pa kanema wa NBC kuyambira 1962 mpaka 1992. Wanthabwala ankapatsidwa mphindi zochepa chabe. Akamaliza, maso onse kwa Carson. Akamukodola kuti bwera udzakhale pampando apa, mawa lake foni sinkapuma, ntchito zili mbwee. Ndiye achinyamata anakhamukira ku Los Angeles, ku malo otchedwa The Comedy Store a mayi Mitzi Shore, kumene ankaseketsa anthu osalandira kanthu, poyembekeza kuti anthu a Carson awaona. Mu 1979 anatopa nazo, ananyanyala. Jay Leno ndi David Letterman, anthabwala amene pambuyo pake anatchuka pa kanema, anali nawo. Inu a zisudzo mukumwetulira, ndikudziwa: mawu aja akuti "ndalama palibe koma mutchukirapo" si achilendo kwa inu.

Tsopano za podikasiti, yomwe ndi pulogalamu yamawu yoikidwa pa intaneti, munthu n'kumamvera pa foni nthawi imene wafuna. Mu 2009 wanthabwala Marc Maron zinthu zinali zitamuthina. Ntchito ku wailesi ya Air America inali itatha, banja litatha. Anayamba kujambula macheza ndi anzake anthabwala, ndipo posakhalitsa situdiyo yake inali galaja ya kunyumba kwake ku Highland Park, ku Los Angeles. Lolemba ndi Lachinayi, osaphonya.

Kwa ine apa ndi pamene panasintha zenizeni. Kwa Carson munthu ankabwera atavala suti, nthabwala zoloweza pamtima. M'galaja muja ankakhala ola lathunthu, opanda gulu lowombera m'manja, n'kuyamba kuulula za mowa, nsanje, ngongole. Mu 2010 Robin Williams, amene dziko lonse linkamudziwa ngati munthu wa chimwemwe, anamufotokozera Maron za uchidakwa wake ndi maganizo ofuna kudzipha amene anamufikirapo. Williams atamwalira mu 2014, anthu ambiri anabwerera kukamveranso macheza aja. Mu June 2015 Barack Obama, ali pulezidenti, anapita iye mwini kukakhala m'galajamo, asilikali omuteteza ali ponseponse m'mudzimo.

Musaganize kuti alonda anatheratu. Pamene pali uchi ntchentche sizichedwa. Wanthabwala wina, Joe Rogan, amene nayenso anayamba podikasiti mu 2009, anagulitsa ufulu wa pulogalamu yake kwa kampani ya pa intaneti ya Spotify mu 2020 pa ndalama zimene manyuzipepala anati zinaposa madola 100 miliyoni. Kiyi uja tsopano ali ndi makampani a intaneti ndi otsatsa malonda. Maron uja anatseka pulogalamu yake mu 2025, patatha zaka 16.

Ndaona dzanja kumbuyoko kuyambira kale. Inde mayi, funsani.