Kumene mawu a Chingerezi onena za mlandu anachokera

Amfumu, makolo athu ndi nonse amene mwafika pano, ambiri a ife mawu a Chingerezi a m'khoti timawamva kudzera mwa womasulira, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti Angelezi eni akewo anachita kubwereka ambiri mwa mawuwo. M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy analanda dziko la England, ndipo kwa zaka mazana angapo oweruza ndi maloya a kumeneko ankagwira ntchito m'Chifalansa ndi m'Chilatini, pomwe anthu wamba ankaimirira pamaso pawo osamva kanthu. Mu 1362 anakhazikitsa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, koma mawu achilendowo anali atazika kale mizu.

Liwu lakuti crime, limene lero limatanthauza kuphwanya lamulo, linachokera ku liwu la Chilatini lakuti crimen, limene poyamba linkatanthauza chinenezo, ndiko kuti mlandu umene munthu akuimbidwa. Zimenezi n'zofunika kuzikumbukira, chifukwa kunenezedwa n'kosiyana ndi kulakwa.

Liwu limene limandikhudza kwambiri ndi lakuti culprit, limene lero limatanthauza wopalamula mlandu. Kale, woimbidwa mlandu akaukana, kalaliki wa khoti ankayankha m'malo mwa mfumu kuti "culpable, prest", kutanthauza kuti ndi wolakwa ndipo ife takonzeka kupereka umboni. M'mabuku a khoti ankangolemba mwachidule kuti cul. prit. Pakupita kwa nthawi, anthu anayamba kuganiza kuti ili ndi dzina loitanira munthu amene waima m'bokosi, ndipo liwuli limapezeka motere m'zolemba za mlandu wakupha munthu umene Earl of Pembroke, mmodzi wa olemekezeka a ku England, anaimbidwa mu 1678. Taonani, mawu a woneneza anasanduka dzina la wonenezedwa, chigamulo chisanaperekedwe n'komwe.

Nalonso liwu lakuti villain, limene lero limatanthauza munthu woipa mtima, linachokera ku villanus, mlimi wosauka wogwira ntchito pamunda wa bwana. Mlimiyo sanabe kanthu ndipo sanaphe munthu, koma kunyozedwa ndi olemera n'kumene kunaipitsa dzina lake.

Mwa mawu amenewa, liwu lakuti guilt lokha ndilo la Angelezi eni ake kuyambira kale. Ankalilemba kuti gylt, ndipo linkatanthauza cholakwa chimene munthu ayenera kulipira. Tanthauzo la kudziimba mlandu mumtima linabwera patapita zaka zambiri.