Makalata a Omvera: Chiboliboli Chomwe Anachiponya M'madzi ku Bristol

Mwaswera bwanji omvera nonse, a pa wayilesi ndi a pa intaneti omwe. Sabata yatha ndinangotchulako pang'ono za chiboliboli cha Edward Colston, osadziwa kuti ndaputa mavu. Makalata adzaza tebulo, moti kapu yanga ya tiyi ndaiika pansi.

Kwa amene simunamve: Colston anali mkulu wa zamalonda wochokera ku Bristol, ku England. Kuyambira 1680 mpaka 1692 anali m'kampani ya Royal African Company, ndipo anafika pokhala wachiwiri kwa mkulu wake. M'zaka zimenezo kampaniyo inanyamula anthu pafupifupi 84,000 kuchokera kumadzulo kwa Africa kukawagulitsa kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ndipo pafupifupi 19,000 anafera m'njira. Chuma chake china anathandizira masukulu, matchalitchi ndi nyumba za osauka. Pa 7 June 2020 khamu la anthu linamanga chiboliboli chake ndi zingwe, n'kuchigwetsa, n'kuchikunkhuniza mpaka padoko, phava! m'madzi.

Kalata yoyamba ndi ya bambo wina, mphunzitsi wopuma ntchito ku Ntcheu. Akuti: "Ine ndinagwira choko zaka zambiri, kuphunzitsa mbiri. Kugwetsa chipilala n'kung'amba tsamba m'buku. Madzi akatayika saoleka, ndiye kumenya chitsulo kungadzutse ndani? Ndiponso munthuyo anasiyako masukulu. Ana a mawa adzaphunzira pa chiyani?"

Zikomo aphunzitsi, ndipo kulemba kwanu n'kokongola, zikuoneka kuti bolodi inkakumverani. Koma mundilole nditsutseko. Tsamba mukunenalo linalembedwa chiyani? Pachipilalapo panali mawu omutamanda Colston kuti anali mmodzi mwa ana abwino ndi anzeru koposa a mzindawo. Za akapolo panalibe ngakhale liwu limodzi. Ndipo sanachiimike anthu a nthawi yake ayi. Iye anamwalira mu 1721, chiboliboli chinaimikidwa mu 1895, patapita zaka 174. Ndiye mwana wodutsa pamenepo ankaphunzirapo kuti uyu ndi munthu wovulira chipewa, basi.

Chinanso, anthu a ku Bristol sanayambe ndi zingwe. Anadandaula zaka zambiri. Mu 2018 panali dongosolo loti aikepo chikwangwani chachiwiri chonena za ukapolowo, koma anakangana pa mawu oti alembepo, ena akufuna kufewetsa apa, ena kuchotsa apo, mpaka tsiku logwetsalo linafika chikwangwani chisanaikidwe. Chibolibolicho sichinatayike. Khonsolo inachivuula patangopita masiku anayi, ndipo anakachigoneka m'nyumba yosungiramo zakale ya M Shed, utoto womwe anthu anachipaka uli pomwepo, nkhani yonse italembedwa pambali. Inuyo ku Ntcheu mukumudziwa Colston lero chifukwa anagwa.

Yachiwiri yachokera ku Bristol komweko, kwa mayi wina wa kwathu kuno amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Akuti: "Achimwene, ine ndinkadutsa pamenepo popita kukakwera basi, m'mawa kukuzizira, ndipo sindinkadziwa kuti mkulu wotsamira ndodoyo ndi ndani. Anandiuza ndi mnzanga wa ku Jamaica amene timasinthana naye mashifiti. Iye ankalambalala, osafuna n'kuyang'anako. Anati mwina agogo a agogo ake anadindidwa pachifuwa ndi chitsulo chamoto cha kampani imeneyo. Kuyambira tsiku limenelo nanenso ndinayamba kudzera tsidya lina la msewu."

Achemwali, apa ndilibe chowonjezera. Zodinda anthu ndi chitsulo chamoto ngati ng'ombe n'zoona, kampaniyo inkaika zilembo zake pathupi la munthu. Valani zofunda kumeneko, ndipo mum'patse moni mnzanuyo.

Mnyamata wina wa ku Mzuzu wangolemba mizere iwiri: "Kodi si kuphwanya malamulo kumeneku? Mawa aliyense akakwiya azigwetsa chomwe wafuna?"

Funso labwino, mphwanga. Anthu anayi anazengedwa mlandu woononga katundu, ndipo mu January 2022 khoti linawapeza osalakwa. Koma chaka chomwecho khoti la apilo linanena kuti ufulu wochita zionetsero sungakhale chodzitetezera pamene zoonongekazo n'zazikulu. Ku London, chiboliboli cha Robert Milligan, yemwe anali ndi akapolo ku Jamaica, akuluakulu a deralo ndiwo anachinyamula okha ndi makina pa 9 June 2020, popanda chingwe chilichonse. Ine ndikadakonda njira imeneyo. Kungoti makinawo anabwera patapita masiku awiri Colston atamira, ndiye lingalirani nokha chomwe chinawafulumizitsa.

Tsopano iyi ndiye yandigoneka mochedwa. Ndi ya agogo ena a ku Nkhotakota, awalembera ndi mdzukulu wawo. Akuti: "Mwana wanga, za ku Ulaya tazimva. Nanga ife kuno? Tili ndi mkuyu uja anakumanirapo Jumbe ndi Livingstone. Jumbe ankagulitsa anthu. Kodi nafenso titenge nkhwangwa tiudule?"

Agogo, nkhwangwayo ibwezeni kuseri kwa chitseko. Mkuyu sunaimikidwe kuti utamande Jumbe. Unalipo kale, unaona, ndipo mboni sitiipha. Ndinafikapo pamtengo umenewo tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ana a sukulu atakhala pamizu yake akudya chinangwa. Ndinatsikira kunyanja, n'kuima pamchenga kuyang'ana kutsidya. Pamenepo m'pamene anthu ankawalonga m'zombo zamatanga, atawayendetsa masiku ambiri magoli ali m'khosi, kuti akawoloka ayendenso pansi mpaka ku Kilwa, ena mpaka kumsika wa ku Zanzibar. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika pamenepo m'zaka za m'ma 1840. Malo otere ndi ofunika kuwasesa, kuwaikira chikwangwani chonena zonse, ndi kutengerako ana. Mukadandiuza kuti wina waumba Jumbe wamkuwa, wamukweza pamwamba pakati pa boma n'kulembapo kuti mwana wabwino wa Nkhotakota, yankho langa likadakhala lina.

Tamvani izi aphunzitsi a ku Ntcheu, mwina mukadali pafupi ndi wayilesi. Chaka chomwe a ku Bristol ankaimika Colston, 1895, n'chaka chomwecho Harry Johnston anagonjetsa Mlozi ku Karonga n'kumupachika chifukwa cha malonda a akapolo. Ufumu umodzi womwewo wa Britain: kuno wogulitsa anthu akumuika chingwe m'khosi, kwawo wogulitsa anthu akumuikira chipilala.

Komabe agogo, kalata yanu ikutikumbutsa chinthu chomwe sitikonda kuchinena pagulu. Jumbe sankalowa yekha m'mudzi uliwonse. Panali mafumu athu omwe ankalandira nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Panali anthu omwe anapereka wachibale kuti alipire mlandu kapena kuti apeze chakudya m'chaka cha njala. Sinditchula mtundu pano, chifukwa ndikatchula umodzi makalata a sabata yamawa adzakhala a ndewu, pamene nkhaniyi inakhudza mbali zambiri. Ndipo mpaka lero, mkangano wa ufumu kapena wa munda ukafika povuta, mumamva wina akulavula mawu akuti "inu ndinu mbumba ya akapolo". Chimenecho ndiye chipilala chathu, chili pakamwa, ndipo palibe makina angachinyamule. Mdzukulu amene walemba kalatayi, khala pansi ndi agogowo, uwafunse zomwe anamva kwa makolo awo, ulembe m'kope, utitumizireko.

Andikodola kale kuseri kwa galasi kuti nthawi yatha. Kalata ya mayi a ku Lusaka yofunsa za mapaundi 20 miliyoni omwe boma la Britain linalipira eni akapolo, osati akapolowo, potsatira lamulo lothetsa ukapolo la 1833, ndaiika pamwamba. Tidzayamba ndi imeneyo sabata yamawa. Tsalani bwino.